Mmene Anthu Adaphunzirira Kumvera Mawu a Minofu

Asodzi a m'chigwa cha Shire ndi a mumtsinje wa Zambezi amaidziŵa bwino nsomba yotchedwa nyesi. Ndi nsomba yopanda mamba, yonenepa ndi yooneka ngati yaulesi, koma munthu amene waigwira mosasamala saiiŵala msanga, pakuti mkono umagwedezeka n'kuchita dzanzi mpaka m'pheŵa, nsomba n'kubwerera m'madzi. Pamene mawaya a magetsi adafika m'dziko la Malaŵi, anthu sadavutike kufuna dzina la chimene chimachitika munthu akakhudza waya wosakutidwa. Dzina lidalipo kale, ndipo adangoti wagwidwa ndi nyesi. Amene adayamba kunena chonchi adalasa penipeni, chifukwa mphamvu ya nsomba ija ndi mphamvu ya mu waya n'zamtundu umodzi. Mphamvu yomweyo, pa muyeso wochepa zedi, ndiyo imadzutsa mnofu uliwonse wa m'thupi la munthu. Anthu ophunzira zidawatengera zaka zoposa 200 kuti atsimikize zimenezi ndi kuzigwiritsa ntchito poyeza odwala.

Chimene chidawakakamiza kufufuza ndi funso limene likuvutitsabe mabanja ambiri mpaka lero. Munthu akafooka mkono kapena mwendo, kodi chaonongeka n'chiyani? Kodi ndi mnofu weniweniwo, kapena mtsempha umene umaubweretsera uthenga, kapena pamalo pamene ziŵirizi zimakumanirana? Kunja zonsezi zimaoneka zofanana, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo chiyembekezo cha kuchira n'chosiyananso. Njira imene madokotala amayankhira funsoli imatchedwa electromyography, mwachidule EMG. Dzinali lidalukidwa ndi mawu atatu Achigiriki otanthauza magetsi, mnofu ndi kulemba. Liwu lapakatilo, lotanthauza mnofu, limatanthauzanso mbeŵa, mwina chifukwa mnofu wa pamkono ukamakungika umaoneka ngati kanyama kothamanga pansi pa khungu.

M'Chicheŵa liwu loti mtsempha limagwira ntchito zingapo. Pali mitsempha yonyamula magazi, ndipo pali ina yoyera ngati ulusi, yochokera ku ubongo ndi kumsana, imene imanyamula uthenga. M'nkhani ino mtsempha ndi wa mtundu wachiŵiriwu. Agiriki akale nawonso ankatcha mitsempha ya mitundu ingapo ndi liwu limodzi, ndipo padatenga nthaŵi kuti asiyanitse.

Maganizo a anthu akale

Nsomba zamagetsi zidadziŵika kalekale. Nsomba ya mtundu wa nyesi ya mumtsinje wa Nile idajambulidwa pa zipupa za manda a ku Egypt wakale, ndipo cha m'ma 47 A.D. sing'anga wa ku Rome, Scribonius Largus, adalemba kuti wodwala mutu wosatha aziikidwa pamutu nsomba yamoyo ya m'nyanja yotchedwa torpedo mpaka pamalopo pachite dzanzi. Koma palibe adaganizapo kuti mphamvu ya nsombayo ili ndi chibale ndi kayendedwe ka thupi la munthu.

Galen, sing'anga Wachigiriki amene adatchuka ku Rome kuyambira cha m'ma 160 A.D., adaonetsa poyera kuti mitsempha ndiyo imalamula minofu. Ankatenga nkhumba yolira, n'kudula mtsempha wina wa m'khosi, ndipo nkhumbayo inkangoti zii pomwepo ngakhale inkapumabe. Komabe iye ankakhulupirira kuti mitsempha ili ngati mabango obooka m'kati, ndipo m'menemo mumayenda kampweya kopepuka kochokera ku ubongo. Ganizo limeneli lidakhazikika kwa zaka pafupifupi 1,500, ndipo otsatira ake ena adawonjezapo kuti kampweyako kamafufumitsa mnofu monga mmene mpweya umafufumitsira chikhodzodzo.

Woyamba kuligwedeza kwenikweni adali Jan Swammerdam wa ku Holland m'zaka za m'ma 1660. Iye adaika mnofu wa chule m'botolo lotseka bwino, lokhala ndi kampopi kopyapyala momwe mudali kadontho ka madzi. Adaganiza kuti ngati mnofu umafufuma pokungika, kadonthoko kakankhidwira m'mwamba. Atasokosa mtsempha, mnofu udakungika, koma kadontho sikadakwere. Choncho padalibe chilichonse choloŵa mu mnofu n'kuufufumitsa. Patapita zaka zoposa 100, m'chaka cha 1772, Mngelezi wina, John Walsh, adapita ku La Rochelle m'dziko la France kukayesa nsomba ya torpedo. Adapeza kuti mphamvu yake imadutsa mu waya ndiponso mwa anthu ogwirana manja, koma siidutsa m'galasi, chimodzimodzi ndi magetsi. Apa zidaoneka kuti cholengedwa chamoyo chingathe kupanga magetsi m'thupi mwake.

Mkangano wa Galvani ndi Volta

Luigi Galvani adali mphunzitsi wa za thupi la munthu pa yunivesite ya Bologna ku Italy. Tsiku lina miyendo ya chule wosendedwa idali pa tebulo pafupi ndi makina otulutsa magetsi. Wothandiza wake atakhudza mtsempha wa chuleyo ndi kampeni pa nthaŵi imene makina ankathetheka, miyendoyo idapalapata ngati chule wadzuka. M'chaka cha 1786 Galvani adakoloŵeka miyendo ina pa mpanda wachitsulo ndi mbedza zamkuwa, ndipo adaona kuti mbedza ikakhudza chitsulo miyendo inkadumpha, ngakhale kunja kudalibe mphezi ndipo makina adali kutali. M'buku lake la 1791 adanena kuti nyama ili ndi magetsi akeake, osungidwa mu mnofu ndi oyenda m'mitsempha.

Alessandro Volta wa ku yunivesite ya Pavia poyamba adachita chidwi, koma pambuyo pake adatsutsa. Iye adati magetsiwo sankachokera mwa chule ayi, koma pa kukhudzana kwa zitsulo ziŵiri zosiyana, ndipo chule adangokhala mboni yosonyeza kuti magetsi adutsa. Galvani adayankha ndi ntchito. M'zaka za 1794 ndi 1797 adaonetsa kuti mwendo wa chule umadumphabe popanda chitsulo chilichonse, pongogunditsa mtsempha pa mnofu kapena pa mtsempha unzake. Koma nyengo sidamukomere. Atakana kulumbira kuti adzamvera boma latsopano limene Napoleon adakhazikitsa kumpoto kwa Italy, adachotsedwa ntchito, ndipo adamwalira mu December 1798.

Volta, pofuna kutsimikiza mbali yake, adasanjikiza tizitsulo ta mitundu iŵiri, n'kumaika pakati pake timapepala tonyowa ndi madzi amchere. Umu ndi mmene batire loyamba lidabadwira, ndipo adalilengeza m'chaka cha 1800. Mwini wakeyo adanena kuti chipangizo chakecho chikufanana ndi chiŵalo chamagetsi cha nsomba ya torpedo. Tsono dziko lonse lidatembenukira kwa Volta, ndipo maganizo a Galvani adayamba kuiŵalika. Chikhalirecho aŵiri onseŵa adanena zoona: zitsulo ziŵiri zimapangadi magetsi, ndipo mnofu nawonso uli ndi magetsi ake.

Kuyeza chinthu chosaoneka

Vuto lidali kuchepa kwa magetsi a mnofu. Nyesi yaikulu imatha kutulutsa ma volt oposa 300, ndipo batire la mu tochi lili ndi volt imodzi ndi theka, koma magetsi amene amapezeka poyeza mnofu wa munthu amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt imodzi, nthaŵi zambiri ocheperapo. Padafunika chida chakumva kwambiri. M'chaka cha 1825 Leopoldo Nobili adakonza chida chokhala ndi kasingano ka maginito kamene kankapatuka magetsi ochepa akadutsa mu waya wokazinga. Ndi chida cha mtundu umenewu Carlo Matteucci, cha m'ma 1840, adatsimikiza kuti mu mnofu wovulazidwa mumatuluka magetsi.

Amene adafikitsa ntchitoyi pa munthu wamoyo ndi Emil du Bois-Reymond wa ku Berlin. Iye adazinga yekha waya wopyapyala maulendo pafupifupi 24,000 kuti chida chake chizimva bwino. Pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1849 adalengeza zimene adapeza: ataviika zala za manja onse aŵiri m'timbale ta madzi amchere tolumikizidwa ku chidacho, n'kukunga mkono umodzi mwamphamvu, kasingano kaja kankapatuka. Poona kuti khungu likutsekereza magetsi, adadzichititsa matuza pamikono, n'kusenda khungu lapamwamba, ndipo kasingano kadapatuka koposa. Aka kadali koyamba kuti magetsi a mnofu wa munthu wochita kudzikungira yekha aonekere.

Chaka chotsatira, mu 1850, mnzake Hermann von Helmholtz adayeza liŵiro la uthenga mu mtsempha. Mphunzitsi wawo, Johannes Müller, adali atanena kuti mwina zimenezi sizidzatheka, chifukwa ankaganiza kuti uthengawo umathamanga mofanana ndi kuŵala. Helmholtz adadzutsa mtsempha wa chule pamalo aŵiri, pena pafupi ndi mnofu pena patali, n'kuyeza kusiyana kwa nthaŵi imene mnofu unkatenga kuti ukungike. Adapeza liŵiro la mamita pafupifupi 30 pa sekondi. Uthenga wa m'thupi udakhala chinthu chotheka kuŵerengera, ndipo chimene chingaŵerengedwe mwa munthu wabwino chingayerekezedwe ndi cha munthu wodwala.

Dokotala wopanda chipatala

Pa nthaŵi yomweyo mumzinda wa Paris mudali munthu wina amene madokotala anzake ankamuona ngati wachilendo. Guillaume Duchenne, wobadwira ku Boulogne mu 1806, adalibe udindo m'chipatala chilichonse. M'maŵa uliwonse ankayendera zipatala za mumzindamo atanyamula kabokosi ka batire ndi mawaya, n'kumapempha kuti aone odwala opuwala. Adapeza njira yoikira nsonga zonyowa pakhungu kuti adzutse mnofu umodzi wokha popanda kucheka munthu. Pochita izi kwa zaka zambiri adadziŵa ntchito ya mnofu uliwonse, ngakhale timinofu ta pankhope tosekera ndi tokwinyira tsinya. Buku lake lalikulu lidatuluka mu 1855. M'zaka za m'ma 1860 adafotokoza matenda obadwa nawo amene amafooketsa ana aamuna pang'onopang'ono, akatumba a m'miyendo akuoneka onenepa koma alibe mphamvu. Matendaŵa amatchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Ku Germany, Wilhelm Erb adaonetsa mu 1868 kuti mnofu umene mtsempha wake wafa umayankha magetsi mwa njira ina, mochedwa ndi mwaulesi ngati nyongolotsi. Kwa zaka zambiri madokotala adadalira chizindikiro chimenechi. Komatu njira za Duchenne ndi Erb zidali zoloŵetsa magetsi kuchokera kunja ndi kuyang'ana ndi maso. Kumva zimene mnofu ukunena pawokha kudali kusanatheke m'chipatala. Mu 1907 Hans Piper adagwiritsa ntchito chida chimene Willem Einthoven adakonzera kuyeza mtima, ndipo adajambula magetsi a minofu ya pamkono akugunda pafupifupi ka 50 pa sekondi. Koma chidacho chidali chachikulu ndi cholemera, ndipo chinkangomva phokoso la mnofu wonse pamodzi.

Mphatso ya wailesi

Chimene chidatsegula njira chidachokera ku ntchito ya wailesi. Mavalavu, timababu tagalasi timene tinkayaka m'kati mwa mawailesi akale, adali ndi mphamvu yokuza magetsi ochepa kuti akhale aakulu. Lee de Forest adapanga valavu yotere mu 1906, ndipo m'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idakonzedwa bwino chifukwa asilikali ankaifuna potumizirana mauthenga. Nkhondo itatha, akatswiri a za thupi adaona kuti chimene chimakuza mawu ochokera kutali chingakuzenso kanong'onong'o ka mtsempha. Mu 1922 Joseph Erlanger ndi Herbert Gasser a ku St. Louis ku America adalumikiza mavalavu ku galasi loonetsa mizere yoŵala, kholo lake la galasi la wailesi yakanema, ndipo adaona maonekedwe enieni a uthenga wa mu mtsempha. Adapezanso kuti timaulusi tonenepa timanyamula uthenga mofulumira kuposa topyapyala. Adalandira mphotho ya Nobel mu 1944.

Ku England, Charles Sherrington ndi Edward Liddell adafotokoza mu 1925 mmene mnofu udakonzedwera. Selo limodzi la mumsana limatumiza kaulusi kake ku mnofu, ndipo kumeneko kaulusiko kamagaŵikana n'kulamula gulu la timaulusi ta mnofu. Zili ngati woyambitsa nyimbo ndi gulu la omuvomera: iye akaponya, onse a gulu lake amavomera nthaŵi imodzi. M'timinofu toyendetsa diso gulu limakhala la timaulusi pafupifupi 10, chifukwa ntchito yake ndi yofuna luso, pamene mu katumba wa mwendo gulu limodzi limaposa timaulusi 1,000.

Amene adamva gulu limodzi palokha mwa munthu wamoyo ndi Edgar Adrian wa ku Cambridge ndi Detlev Bronk wa ku America, m'chaka cha 1929. Adatenga singano wamba ya jakisoni, n'kuloŵetsa m'kati mwake kawaya kokutidwa, nsonga yokha ili poyera. Singanoyo ikaloŵa mu mnofu inkamva timaulusi toyandikana nayo tokha. Kenaka adalumikiza makina awo ku chokuzira mawu. Mnofu ukapuma, m'chipinda munkakhala chete. Munthu akaukunga pang'ono, kunkamveka kugogoda kumodzikumodzi. Akawonjezera mphamvu, kugogodako kunkafulumira ndipo magulu ena ankaloŵerera, mpaka phokoso lonse linkasakanikirana ngati mkokomo. Adrian ndi Sherrington adalandira mphotho ya Nobel mu 1932, ndipo singano ya mtundu umenewu ikugwirabe ntchito m'zipatala lero.

Tsono madokotala adayamba kuphunzira chinenero chatsopanochi. Mu 1938 Derek Denny-Brown ndi Joseph Pennybacker adafotokoza zimene zimachitika mtsempha ukafa. Timaulusi ta mnofu totsala topanda woyambitsa timayamba kugunda patokhapatokha, munthu ali phee. Maso sangaone kugundaku, koma pa chokuzira mawu kumamveka ngati madontho a mvula pa denga la malata. Ku Copenhagen, Fritz Buchthal, amene adachoka ku Germany mu 1933 pothaŵa ulamuliro wa Hitler, pamodzi ndi Svend Clemmesen, adaonetsa mu 1941 mmene singano ingasiyanitsire matenda a mtsempha ndi a mnofu, ndipo Eric Kugelberg wa ku Stockholm adawonjezera zambiri m'zaka zotsatira. Chidule chake ndi ichi. Oyambitsa ena akafa, otsalawo amatola ovomera amasiye n'kuwaphatikiza m'magulu awo, motero pamamveka magulu ochepa koma a mawu aakulu. Koma ngati nthenda ili mu mnofu, oyambitsa onse alipo, ovomera ndiwo atha, choncho pamamveka magulu ambiri a mawu ang'onoang'ono othetheka.

Zimene nkhondo idaphunzitsa

Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse idadzaza zipatala ndi anyamata olasidwa m'mikono ndi m'miyendo. Dokotala aliyense ankakumana ndi funso lovuta. Mtsempha wongofinyika umachira wokha m'milungu yoŵerengeka, ndipo kuucheka n'kuononga. Mtsempha woduka kotheratu suchira ukapanda kusokedwa, ndipo kudikira n'kutaya nthaŵi, chifukwa ngakhale utasokedwa umaphuka pafupifupi milimita imodzi yokha pa tsiku, pamene mnofu wouyembekezera ukunka nufota. Ku Oxford, kumene Herbert Seddon ankatsogolera ntchito yosamalira ovulala mitsempha, Graham Weddell ndi anzake adagwiritsa ntchito singano pa asilikali otere, ndipo adafalitsa zimene adapeza mu 1943 ndi 1944. Ku Montreal m'dziko la Canada, Herbert Jasper adakonza makina otheka kunyamula. Zidapezeka kuti mvula ya pamalata ija imayamba kumveka pakatha milungu iŵiri kapena itatu chivulalire, ndipo kuti mtsempha ukayamba kufikanso ku mnofu, singano imamva timagulu tatsopano tofooka milungu ingapo chala chisanayambe kugwedezeka. Kwa msilikali woopa kuti dzanja lake lafa, kugogoda koyambako kudali uthenga waukulu.

Nkhondo itatha padabwera mbali yachiŵiri ya kuyezaku. Mu 1948 Robert Hodes, Martin Larrabee ndi William German adabweretsa njira ya Helmholtz pa odwala. Mtsempha umadzutsidwa ndi magetsi pang'ono pachigongono, kenaka pafupi ndi chikhatho, ndipo makina amayeza nthaŵi imene mnofu wa m'dzanja watenga kuti uyankhe. Mtunda umayezedwa ndi tepi wamba. Mwachitsanzo, ngati mtunda uli masentimita 25 ndipo kusiyana kwa nthaŵi kuli magawo 5 mwa magawo 1,000 a sekondi, liŵiro ndi mamita 50 pa sekondi, kapena kuti makilomita 180 pa ola. Mwa munthu wamkulu wathanzi mitsempha ya m'mikono imafika pamenepa kapena kupitirira, ndipo ya m'miyendo imaposa mamita 40. Kaulusi ka mtsempha kali ndi chikuto chamafuta chimene chimafulumizitsa uthenga. Chikutocho chikaonongeka uthenga umachedwa, koma kaulusi kenikeniko kakafa, yankho la mnofu ndilo limachepa.

Zotsatira zake zidabwera motsatizana. Mu 1956 John Simpson wa ku Scotland adaonetsa kuti mwa anthu odzuka usiku ndi dzanzi m'zala, uthenga umachedwa pamfundo ya dzanja pamene mtsempha wapanikizika, vuto limene opaleshoni yaing'ono imathetsa. Chaka chomwecho Edward Lambert ndi anzake a ku Mayo Clinic adapeza odwala khansa ya m'mapapo amene minofu yawo yofooka inkayankha mwamphamvu ikadzutsidwa mofulumira mobwerezabwereza, zosiyana ndi matenda a myasthenia gravis amene yankho limanka lichepa. Apa makina adaloza nthenda yokhala pamalumikiziro a mtsempha ndi mnofu, ndipo nthaŵi zina kufookako kumaonekera khansa isanadziŵike. M'zaka za m'ma 1960 Jan Ekstedt ndi Erik Stålberg a ku Uppsala ku Sweden adakonza singano yotha kumva kaulusi kamodzi kokha ka mnofu.

Kuyezaku masiku ano

Lero mavalavu adaloŵedwa m'malo ndi kompyuta, ndipo singano zambiri zimagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, koma maziko ake sadasinthe. Wodwala amagona kapena kukhala, ndipo ngati manja kapena mapazi ali ozizira amayamba afunditsidwa, chifukwa kuzizira kumachedwetsa uthenga. Choyamba amayeza liŵiro la mitsempha ndi timagetsi tongodzidzimutsa. Kenaka singano yopyapyala imaloŵetsedwa m'minofu ingapo. Singanoyo siithira mankhwala ndipo siiloŵetsa magetsi, ntchito yake n'kumvera basi. Zimapweteka pang'ono, ndipo kaŵirikaŵiri zonse zimatha pa ola limodzi kapena kucheperapo. Chokuzira mawu chija chidakalipo, pakuti khutu lozoloŵera limazindikira nthenda msanga. Mnofu wa munthu wodwala myotonia, amene akafumbata dzanja amavutika kulitambasula, umalira ngati njinga yamoto imene ikuchepetsa liŵiro.

Kuyezaku sikuchiritsa, ndipo sikuona zonse. Kupuwala kochokera mu ubongo, monga kwa sitiroko, kumafuna njira zina, ndipo timitsempha tating'ono kwambiri tonyamula ululu ndi kutentha sitimveka pa makinaŵa. Phindu lake ndi kuloza malo a vuto, kukula kwake ndi nthaŵi imene lakhalapo.

Makinaŵa amafuna katswiri wophunzira mwapadera, motero amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu. Komabe matenda amene amaononga mitsempha ndi odziŵika m'maboma onse a Malaŵi. Khate limagwira mitsempha ya m'manja, m'mapazi ndi kumaso. Matenda a shuga amayamba ndi dzanzi ndi kutentha kumapazi. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid angathe kuvutitsa mitsempha, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Mankhwala ena akale a HIV, a stavudine, adasiyidwa pa zifukwa zingapo, china mwa izo kukhala chomwechi. Poliyo amapha maselo a mumsana aja, ndipo ngakhale Africa adalengezedwa mu 2020 kuti wathana ndi poliyo wachilengedwe, mwana wina adapezeka naye ku Lilongwe, nkhani imene idalengezedwa mu February 2022.

Nzeru zimene singano ya Adrian idavumbula zidafika ngakhale kumene makina sadafike. Wachipatala akauza wodwala kuti akankhe dzanja lake, n'kulemba mphamvuyo pa muyeso woyambira pa 0 kulekeza pa 5, akugwiritsa ntchito njira imene bungwe la Medical Research Council la ku Britain lidakonzera asilikali ovulala m'nkhondo yomwe ija. Akayesa chala chimodzichimodzi mwa wodwala khate, akutsata mapazi a Duchenne. Ndipo phunziro lalikulu la zipatala za nkhondo, lakuti mtsempha suyembekezera munthu, likugwirabe ntchito. Mtsempha woonongeka ndi khate umatha kubwerera ngati mankhwala ayambidwa miyezi 6 isanathe chiyambire kufookako. Mnofu wokhala chaka chathunthu kapena kupitirira wopanda mtsempha umafota kotero kuti ngakhale dokotala waluso sangaubwezeretse wonse. Mwana wosakwana zaka 15 amene wafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi ayenera kuonedwa kuchipatala mosachedwa, ndipo wamkulu amene dzanzi la m'manja kapena kumapazi silikutha achite chimodzimodzi, zala zisanayambe kupindika.